Gitala itha kulira ngati synth, koma dzanja lisinthe kaye

Funso limene limabwerabwera kwa anzanga oimba gitala, makamaka anyamata a m'mabandi a kutchalitchi, ndi loti akulu ndigule kabokosi kanji kuti gitala yanga izilira ngati synth. Amakhala aona pa YouTube mkulu wina atakolekera gitala ya Stratocaster koma mukutuluka chitoliro, pena ma strings aja otambalala a mu kanema, nde amangoti basi nkhani yake ndi ya ndalama, ukagula n'kulumikiza zatheka. Ndalama ili ndi mbali yake sindikukana, koma ndaonapo anthu ataitanitsa zida zodula kuchokera ku Joni kenako n'kuzitsekera mu kabati ati sizigwira bwino, chonsecho chidacho chilibe vuto olo pang'ono, kungoti mwini wake akuchiimba mmene amaimbira gitala masiku onse.

Tiyambe ndi chimene khutu limamva. Nsambo ukaikhwatcha, mawu amayamba ndi kaphokoso kakuthwa ka pick, amayambira pamwamba n'kumatsika okha mpaka kuzima, iwe ulibenso chochita nawo. Synth siichita choncho. Mkati mwake muli oscillator imene imangolira osapuma malinga ngati chala chili pa kiyi, kenako filter imene imasefa mawuwo kuchotsa akuthwa kapena kuwabwezera, kenako envelope imene imalamula kuti mawu alowe bwanji ndipo atuluke bwanji, kaya alowe mwadzidzidzi kaya mokwawa. Nde chimene chimaulula gitala kwenikweni ndi kachiyambi kaja ndi kazimidwe kake. Ukabisa ziwirizi munthu ali kunja kwa holo sangadziwe kuti ukuimba chani.

Mutha kuyesa lero lomwe osagula kanthu. Ikani switch pa pickup ya kukhosi (pickup ndi kaja kotola mawu pansi pa nsambo), tone muitsitse mpaka pa ziro, pick muisiye pambali muimbe ndi mnofu wa chala chachikulu. Kachala kakang'ono kakoleni pa knob ya voliyumu, imbani noti voliyumu ili yotseka kenako muitsegule msanga noti ili mkati molira. Mukaika delay ndi reverb kumapeto, zomwe zimatulukazo ndi pad yeniyeni, mawu ofewa aja otambalala olira kumbuyo kwa nyimbo. Pa Strat (Stratocaster ija) ndi zophweka chifukwa knob ili pafupi ndi nsambo, pa gitala ya Les Paul ili kutali nde bola volume pedal ya phazi. Boss anapangako kabokosi kochita zimenezi kokha kotchedwa Slow Gear cha mu 1979, pano n'kosowa ndipo okatola amakagulitsa modula, koma timakina totchipa ta multi effects monga ta Zoom timene ambiri tili nato tili ndi effect yomweyi, fufuzani Slow Attack mu menu. Ambiri amangoidumpha osadziwa ntchito yake.

Imeneyo ndi ya mawu ofewa. Mukafuna lead yonenepa ija ya ma synth akale, pakufunika octave, fuzz ndi filter, ndipo ndondomeko yake ikhale imeneyo, osasinthanitsa. Octave imayamba chifukwa imafuna kumva gitala yoyera kuti idziwe noti, mukaipatsa zodetsedwa kale ndi fuzz imasokonezeka n'kumadumphadumpha. Ma octave a analog ngati Boss OC-2 ya mu 1982 amachita chinthu chosangalatsa, sakweza kapena kutsitsa mawu anu enieni ayi, amawerenga kanjenjemeredwe ka nsambo n'kukagawa pawiri kenako n'kupanga mawu awoawo pansi pake, ndiye kunena zoona kameneko ndi ka synth kale kungoti anakalemba dzina lina. Oimba besi amakadziwa bwino, amatseka mawu a besi yeniyeni n'kusiya octave yokha. Fuzz ntchito yake ndi kudula nsonga za mafunde a mawu mpaka akhale a makona, square wave, yomwenso ndi imodzi mwa zimene oscillator imatulutsa, komanso imatalikitsa noti. Ikakhala fuzz ya gate, yoti noti ikafooka imangodula thii osasiya mchira, apo nde mwafika. Filter itha kukhala auto wah, kapena wah wamba ya phazi koma muziiponda pang'onopang'ono kudutsa manoti angapo, osati wakawaka wa funk uja. Kachorus pang'ono pamwamba kuti zimveke ngati ma oscillator awiri osagwirizana kwenikweni, basi.

Vuto la njira iyi ndi limodzi, noti imodzi pa nthawi. Mukagunda chord yonse octave ya analog imabalalika, fuzz n'kusandutsa zonse matope. Imagwiranso bwino mukamaimba chapakati pa khosi kukwera cha ku freti ya 12, kumunsi kwenikweni imavutika. Kwa ife amene tinakulira sebene ndi sungura, zala zinazolowera kugwira nsambo ziwiri nthawi imodzi, apa pamafunika kudziletsa kwambiri.

Kenako pali timabokosi tolembedwa kuti synth pamwamba pake timene timalandira kebulo wamba ya gitala. Electro-Harmonix a ku New York anali ndi Micro Synthesizer kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, imene mukaitsegula ndi zomwe ndafotokozazi, octave, square wave, filter ndi kuchedwetsa kachiyambi, zonse mu bokosi limodzi la ma slider. Anadzatulutsanso POG mu 2005 imene imatha ma chord bwinobwino, kenako B9 ya mawu a organ mu 2014, Mel9, ndi Synth9 mu 2017. Boss nawo anabwera ndi SY-300 mu 2015 kenako kakang'ono SY-1 mu 2019. Ubwino wa amenewa, kuyambira pa POG, ndi woti sadikira kuzindikira noti kuti akauze chida china, amatenga mawu a gitala omwewo n'kuwaumba mwatsopano, nde palibe kuchedwa komveka, bend ndi vibrato zanu zimadutsa momwemo, ma chord amatheka. Kwa munthu woimba layivu sabata ndi sabata, amene akufuna kuponda kamodzi pad ituluke pa nthawi ya kulambira, ine ndimati apa ndi pomwe ndalama imagwira ntchito. Koma musayembekeze piyano kapena saxophone yeniyeni kuchokera mmenemo, si ntchito yake.

Piyano, sax, marimba, zonsezo zimafuna MIDI, njira imene chida chimodzi chimauzira chinzake noti yoti chiimbe, ndipo apa mpamene pali nkhani yaitali chifukwa makampani akhala akulimbana nazo kuyambira kale. Mu 1977 Roland a ku Japan anatulutsa GR-500, yobwera ndi gitala yakeyake yolemera yodzaza ma switch. Chaka chomwecho ARP a ku America, amene anali akuluakulu pa ma synth a kiyibodi, anatulutsa Avatar ndipo anathirapo ndalama zambiri poganiza kuti oimba gitala ndi ochuluka kuposa a kiyibodi nde msika ulipo. Chinali chodula, chinkavuta kutsatira zala, anthu sanagule, ndipo pofika 1981 kampaniyo inatsekedwa, Avatar ili m'gulu la zifukwa zikuluzikulu. Roland anapitiriza ndi GR-300 yabuluu ija cha mu 1980, ndipo mpaka lero anthu amaitamabe. Pat Metheny anaipanga kukhala mawu ake, kulira kuja kokhala ngati lipenga lolusa, Robert Fripp ndi Adrian Belew a King Crimson anaigwiritsa ntchito, Andy Summers wa The Police nayenso. Chinsinsi chake inalibe MIDI, paja MIDI inabwera mu 1983. Inkapanga mawu ake molunjika kuchokera pa kunjenjemera kwa nsambo iliyonse, nde inali yachangu zedi ngakhale mitundu ya mawu inali yochepa. Chodabwitsa n'choti GR-700 ya mu 1984, yatsopano, ya MIDI, ya mawu ambiri, yobwera ndi gitala ya G-707 yokhala ndi chimtengo chodutsa pamwamba pa khosi, inali yochedwa kuposa mkulu wake.

Chifukwa chake si ulesi wa mainjiniya, ndi masamu. Kuti makina adziwe kuti mwaimba noti yanji akuyenera kumvetsera nsambo itanjenjemera ulendo umodzi wathunthu, kawirikawiri iwiri kapena kuposa chifukwa kachiyambi kaja ndi phokoso chabe lopanda noti. Nsambo yaikulu ya E imanjenjemera ka 82 pa sekondi, kutanthauza kuti ulendo umodzi ndi mamilisekondi 12. Iwiri ndi 24, onjezani nthawi yoti uthenga ufike ku synth ndi yoti synth iyankhe. Nsambo yaing'ono ya E imanjenjemera pafupifupi ka 330, ulendo umodzi mamilisekondi atatu basi. Nde gitala yomweyo, kumwamba imayankha msanga kumunsi imakokera. Pa besi nde zinthu zimafika poipa, E yake ndi 41, ulendo umodzi wokha ndi 24 kale. Ena amati aaa mamilisekondi ndi chani, inde mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi atatu ndi theka pa mamilisekondi 10, nde ukaima patali ndi ampu wachedwa kale chimodzimodzi ndipo sudandaula. Koma kuchedwa kwa ampu ndi kofanana pa noti iliyonse, thupi limazolowera. Uku kumasinthasintha malinga ndi nsambo, zimakhala ngati muja umayankhulira pa foni network ikuvuta n'kumamva mawu ako omwe akubwerera mochedwa, umayamba kuchita chibwibwi wekha.

Njira yozembera ndi yosavuta koma anthu ambiri saiganiza. Imbani kumwamba, synth muiuze kuti itsitse octave imodzi kapena ziwiri. Mukufuna besi ya synth, imbani pa nsambo zing'onozing'ono ndipo makinawo atsitse okha, imayankha msanga kuposa kukakamira pa nsambo zonenepa. Anzathu a ku Britain anazemba mwa mtundu wina mu 1980s ndi SynthAxe, chinthu chooneka ngati gitala yothyoka khosi, nsambo za kukhosi zosiyana ndi zokhwatcha, sichinkamvetsera mawu n'komwe koma kuona freti yomwe mwadina kudzera m'magetsi. Allan Holdsworth anachikonda kwambiri, koma mtengo wake unali pafupifupi mapaundi 10,000 ndipo anapanga zochepa chabe. Casio anayesanso ndi magitala awo a pulasitiki ngati DG-20 amene pano anthu amagula ngati zokumbukira.

Njira ya Roland imene yakhalitsa ndi ya pickup ya GK, kapickup kopyapyala kokhala ndi timakutu sikisi, nsambo iliyonse kakhutu kake, nchifukwa chake ma chord amatheka ndipo mutha kupinda nsambo imodzi zinazo osasuntha. Mumakamata pafupi ndi bridge, kebulo yake ndi ya mapini 13, kupita ku GR-33, GR-20, GR-55 ya mu 2011 kapena SY-1000. Ambiri amene amati GK ndi yabodza anangoimata mwachisawawa. Mpata wa pakati pa pickup ndi nsambo uyenera kukhala pafupifupi milimita imodzi mutadina freti yomaliza, nsambo iliyonse idutse pakati pa kakhutu kake, kenako mulowe mu menu musinthe sensitivity ya nsambo imodziimodzi molingana ndi dzanja lanu. Ndi ntchito ya madzulo amodzi, yotopetsa, koma mukaidumpha mudzatukwana chida chabwino. Ndipo kebulo ya mapini 13 ija muisamale ngati mmene mumasamalira gitalayo, ikaduka simungaipeze pa shopu ya zamagetsi ya pa kona, mudikira wina wochokera kunja. Mwina nchifukwa chake Boss mu 2023 anasintha n'kubweretsa GK-5 ndi GM-800 za kebulo yooneka wamba. Palinso Fishman TriplePlay ya mu 2013 yopanda waya, imatumiza MIDI ku laputopu kudzera pa kachinthu ka USB. Mukamalumikiza ku synth ya kunja kumbukirani kuti pitch bend range, malire a mmene noti ingapindikire, ifanane mbali zonse ziwiri, kaya 12 kaya 24, apo bii bend iliyonse izikathera pa noti ya eni.

Tsopano dzanja. Synth ilibe chifundo amwene, chilichonse chimene nsambo yachita imachitenga ngati noti. Pa gitala wamba chala chikakhudza nsambo ina pochoka, kaphokoso kake kamabisala, palibe amamva. Pa MIDI kaphokoso komweko kamatuluka ngati noti yathunthu ya lipenga pakati pa pemphero kkkk. Nde kutseka nsambo zomwe simukuimba ndi theka la ntchito yonse, chikhatho cha dzanja lokhwatcha chigone pa nsambo zikuluzikulu, zala za kukhosi zigonere zing'onozing'ono. Kansalu kapena kalabala komangira tsitsi mukakamanga kukhosi pafupi ndi nut, pomwe nsambo zimagona chakumutu kwa gitala, kamathandiza kwabasi, ku sitolo amagulitsa zimenezi modula koma kachidutswa ka chitenje kamagwira chimodzimodzi. Gitala ikhalenso yokonzedwa, nsambo zadzimbiri, mafreti odyeka amene amalira zzz, intonation yothawa (manoti osalondola mukamakwera mafreti), zonsezi makina amazimva ngati manoti awiri nthawi imodzi n'kumasankha molakwika. Mphamvu ya kakhwatchidwe ikhale yofanana, osamenya kwambiri chifukwa nsambo ukaimenya imayamba yakwera pang'ono kenako n'kutsika, makina amatsatira zonsezo.

Koma chachikulu kuposa ukhondo ndi kaganizidwe. Mwasankha chitoliro, ndiye muziimba ngati munthu wa mapapo, noti imodzi pa nthawi, ndipo muzimusiyira popumira, woimba chitoliro sangaimbe mabala 16 osakoka mpweya. Mwasankha piyano, iwalani bend, iwalani vibrato, slide ayi, piyano siipinda noti ndipo ikangotero aliyense amadziwa kuti pali chinyengo. Ma strings ndi pad amalowa mochedwa mwadala nde muziwagunda kanthawi pang'ono beat isanafike, manoti awiri kapena atatu otalikirana, muwasiye alire, osati kukwapula chord ya nsambo zonse sikisi uku dzanja likupita pansi ndi m'mwamba ngati mukuimba chorus ya pa maliro. Ndinamvapo mnyamata wina waluso ndithu ataika mawu a organ koma akupitiriza strumming yake ija, zinkangomveka ngati organ ili ndi ntchofu. Woimba organ amagwira chord n'kusuntha chala chimodzi chokha zinazo zili phee, mukatengera zimenezo B9 imakhala organ ndithu.

Zimandiseketsa kuti kwathu kuno zinthu zinayenda mobwerera. Kiyibodi ya Yamaha PSR inalowa m'matchalitchi ndi m'maukwati n'kulanda ntchito ya ng'oma, besi, mpaka lidi gitala, mnyamata mmodzi akuimba "gitala" ndi kawilo ka pitch bend uku oimba gitala enieni atakhala pa benchi. Nde ena amaona ngati gitala ya synth ndi kubwezera. Ine ndimati ngati mu bandi muli kale wa kiyibodi wodziwa ntchito, musalimbane naye pa pad ndi piyano, akuposani ndipo mungodzazitsa phokoso pamalo amodzi. Chimene iye sangathe ndi chimene zala pa nsambo zimachita, kupinda noti imodzi mkati mwa chord, vibrato yosintha liwiro pakati pa noti, kutsetsereka kuchoka pa freti ya 5 kukafika pa 17. Lead ya synth yoimbidwa ndi zala za gitala ili ndi moyo wina umene kawilo kaja sikapereka, nchifukwa chake Metheny pa GR-300 samveka ngati wa kiyibodi olo pang'ono. Pad ndi ma strings zisungireni tsiku loti wa kiyibodi sanabwere kapena manja ake onse ali pa piyano.

A mu situdiyo inu muli pabwino kuposa tonse. Pali pulogalamu ya Jam Origin yotchedwa MIDI Guitar, imamvetsera gitala wamba kudzera pa audio interface, kabokosi kolumikizira gitala ku kompyuta, n'kutulutsa MIDI ya ma chord omwe, popanda kumata kanthu pa gitala. Ma synth aulere abwino alipo, Vital, Surge XT, ndi Dexed imene imatengera Yamaha DX7. Chofunika ndi buffer, kagawo ka mawu kamene kompyuta imayamba yasonkhanitsa isanakagwirepo ntchito. Pa 48 kHz buffer ya 128 ndi mamilisekondi osakwana atatu, ya 512 ndi pafupifupi 11, ndipo imeneyo ndi mbali imodzi yokha, polowa, palinso potuluka, kuphatikiza kuchedwa kwa nsambo kuja. Pa Windows gwiritsani ASIO driver ya interface yanu. Laputopu ikakhala yofooka mukatsitsa buffer imayamba kuthetheka, apo musavutike ndi zoimba layivu, jambulani gitala yoyera kaye kenako muisandutse MIDI pambuyo. Ableton ili ndi zimenezi kuyambira pa Live 9, Melodyne imatha, ndipo a FL Studio amene ndikudziwa kuti ndinu ambiri, mu Edison muli njira yosandutsa mawu kukhala manoti a mu piano roll. Mudzafunika kufufuta timanoti tachabechabe ndi mouse koma timing ndi kakomedwe ka dzanja lanu zimatsala.

EBow ndisaiiwale, kachida kogwira m'manja ka batire kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1976. Mumakayandikiza pa nsambo imodzi, maginito ake amainjenjemeretsa osaikhudza, noti imalira mpaka batire ithe ndipo kachiyambi ka pick palibiretu. Ndi tone yotsitsa ndi delay, ambiri amalumbira kuti ndi synth.

Mbali yomaliza imene imagwetsa anthu ndi kotulukira. Sipika ya ampu ya gitala mwachibadwa imadula mawu akuthwa kuyambira cha pa 5 kHz ndipo pansi kwambiri siifika, nde pad yokongola ija mukaidutsitsa mmenemo imamveka yofinyika, ndipo octave ziwiri pansi pa voliyumu yaikulu zitha kung'amba kasipika ka ampu ya pulakatisi. Ngati kabokosi kanu kali ndi potulukira pawiri, gitala ipite ku ampu, synth ipite ku mixer kudzera pa DI box kapena ku ampu ya kiyibodi, ndipo wa pa mixer mumuuziretu kuti channel imeneyo muzituluka zachilendo asakutsekereni poganiza kuti ndi feedback. Za magetsi, ma pedal ambiri ndi 9V ya centre negative koma a digital awa amakoka mphamvu zambiri, batire amaimaliza msanga, ndipo mukawagawira adaputa imodzi yotchipa pamodzi ndi fuzz mumva kulira kwa mluzu kumbuyo. Magetsi athu ndi 230V pa 50 Hz, nde chida chikachokera ku America werengani kaye pa adaputa, ikalembedwa 120V yokha musailowetse pakhoma, imapsa nthawi yomweyo. Hum ya 50 Hz ija imene ma pickup a single coil ngati a pa Strat amatola, makamaka pa jenereta kapena pafupi ndi ma fluorescent, fuzz imaikuza ndipo octave nthawi zina imaitsatira ngati noti, nde noise gate, yotseka phokoso mukasiya kuimba, ikhale koyambirira kwa mzere, kapena switch muiike pa malo achiwiri kapena achinayi a Strat pomwe ma pickup awiri amathetsana hum, ngati yanu ili ndi pickup yapakati yozungulizidwa mosemphana, zomwe ma Strat ambiri a masiku ano ali nazo.